Madizaina ndi mainjiniya anga sakumwerana madzi: ndigamule bwanji?

Kalata yafika kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, ndipo ikuti:

"Zikomo akatswiri. Ndimayang'anira anthu asanu ndi mmodzi pa kampani yaing'ono imene ikupanga app ya pa foni yothandiza magulu a banki m'khonde kulemba masheya ndi ngongole. Awiri ndi madizaina, amene amajambula mmene app idzaonekere ndi mmene munthu adzayendere m'kati mwake. Anayi ndi mainjiniya olemba code, malangizo amene foni imatsata kuti app igwire ntchito. Miyezi itatu tsopano sakumvana. Madizaina akuti amatha masabata akukonza zinthu, koma zikatuluka m'manja mwa mainjiniya zimakhala zitasinthidwa popanda kuwauza, ndiye akuti anzawowo ndi aulesi. Mainjiniya akuti madizaina amalota ali maso, amajambula zinthu zoti foni ya kumudzi singakwanitse. Sabata yatha mmodzi anatuluka mu msonkhano n'kumenyetsa chitseko. Panopa aliyense amabwera kwa ine kumbali kudzandiuza za mnzake. Ine sindine dizaina, sindinenso injiniya. Otipatsa ndalama akufuna app pakutha pa miyezi iwiri. Ndigamule bwanji? Kapena ndichotse mmodzi?"

Mayi, katundu mwasenzayu ndi wolemera, koma khazikani mtima pansi, ndipo musachotse munthu aliyense pakali pano. Ndagwira ntchito yopanga mapulogalamu a kompyuta ndi a pa foni kwa zaka zambiri, ndinayamba ndi kulemba code, kenako n'kumayang'anira magulu onga lanulo, ndipo sindinaonepo gulu limene madizaina ndi mainjiniya sanakwezeranepo mawu. Limene limandiopsa ine ndi gulu loti aliyense wangoti zii, akungopanga zimene wauzidwa, mtima uli kwina. Anthu anuwo akukangana chifukwa ntchitoyi ikuwakhudza. Amene anamenyetsa chitseko uja analakwa, ndipo nkhani yake tiikamba, koma munthu amene ntchito yamuchoka mumtima samenyetsa chitseko. Amangoyang'ana wotchi kudikira yowerukira.

Mwanena kuti sindinu dizaina kapena injiniya ngati kuti chimenecho ndi chilema. Ine ndikuona kuti ndi mwayi wanu, chifukwa palibe anganene kuti mukukondera a mtundu wanu.

Tiyambe ndi kuona chimene aliyense akuteteza. Dizaina akakhala pa kompyuta, m'mutu mwake mumakhala msungichuma wa gulu, mayi amene mwina sukulu analekezera Sitandade 6, amene akuopa kudina batani lolakwika ndalama za anzake n'kusokonekera. Ngakhale kampata kamene wasiya pakati pa mabatani awiri kali ndi chifukwa, kungoti nthawi zambiri chifukwacho sachinena. Injiniya m'mutu mwake mumakhala foni ya mayi yemweyo: itel kapena Tecno yotchipa, yodzaza ndi zithunzi za pa WhatsApp, yotchajidwa pa sola ya pa golosale, netiweki yongobwera n'kupita, bandulo yogulidwa mowerengera. Mumakhalanso usiku umene adzadzutsidwe app ikadzagwa, pakuti zinthu zikawonongeka woimbiridwa foni ndi iyeyo. Onse akuteteza mayi mmodzi yemweyo. Wina wagwira maso ndi mtima wake, wina wagwira foni ndi bandulo yake, ndipo aliyense akuganiza kuti mnzake sakumuganizira mayiyo.

M'kalata yanu mawu amene andigwira ndi akuti madizaina "amatha masabata" akukonza, kenako n'kupereka kwa mainjiniya. Gwero la matenda lili pamenepo. Munthu amene watha masabata atatu akusalaza chinthu mu Figma, pulogalamu imene madizaina amajambuliramo pa kompyuta, ukamuuza kuti chotsa ichi amamva ngati ukumudula chala. Naye injiniya amene wachiona chinthucho koyamba chitatha kale, abwana atachiombera m'manja, otipatsa ndalama atachiyamikira, amadziwa kuti akatsutsa aoneka ngati wobwezera ntchito m'mbuyo. Ndiye amagwedeza mutu mu msonkhano, n'kukasintha yekha pa desiki pake. Simukufunika anthu oipa kuti izi zichitike. Kayendetsedwe ka ntchito kokhako kamabala mkangano.

M'mera mpoyamba. Injiniya akhalepo tsiku loyamba lenileni, zinthu zikadali zojambula ndi bolopeni pa pepala, chifukwa pepala silipweteka kuling'amba. Theka la ola, dizaina mmodzi ndi injiniya mmodzi, akujambula limodzi sikirini yolembera ngongole. Injiniya anene pomwepo kuti ichi n'chophweka, ichi chitenga sabata, ichi chifuna netiweki nthawi zonse. Nthawi zambiri amanenanso chinthu chimene dizaina sankadziwa kuti chingatheke mosavuta, ndipo pamenepo m'pamene ubale umayambira. Komanso dizaina asamathawe akangopereka zojambula. Akhalepo mpaka tsiku lomaliza, aone sikirini iliyonse pa foni yeniyeni isanapite kwa anthu.

Vutoli silinayambe ndi ma app. Mu 1957 Jørn Utzon wa ku Denmark anapambana mpikisano wojambula pulani ya Sydney Opera House, nyumba ya nyimbo ndi zisudzo ku Australia. Ntchito yomanga inayamba mu 1959, madenga ake ooneka ngati matanga a ngalawa asanadziwike kuti adzamangidwa bwanji. Mainjiniya a kampani ya Ove Arup anatha zaka akuyesa njira zosiyanasiyana. Yankho linabwera mu 1961: madenga onse akhale zigawo za mpira umodzi, monga mmene mungadulire zigawo pa khungu la lalanje limodzi, kuti zidutswa za konkire ziziumbidwa m'zikombole zofanana. Maonekedwe amene dziko lonse limasilira lero anabadwa chifukwa choti mainjiniya analephera kumanga zoyambazo. Koma taonani mtengo wa kuyamba kumanga musanagwirizane: nyumbayo inatsegulidwa mu 1973, ndalama zimene ankayembekezera zinali madola 7 miliyoni a ku Australia koma zinafika 102 miliyoni, ndipo Utzon anasiya ntchitoyo mu 1966 atasemphana ndi boma, osadzabwereranso kukaona nyumba yake itatha. Madizaina anu amve nkhani imeneyi, kuti "sizingatheke" wa injiniya nthawi zina ndi khomo lolowera ku chinthu chabwino kuposa chimene anajambula.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna muchigwire mwamphamvu kuposa zonse, ndicho kusintha zinthu mwakachetechete. Apa mainjiniya anu alakwa, ngakhale zifukwa zawo zitakhala zoona. Pa 17 July 1981, mu hotelo ya Hyatt Regency ku Kansas City ku America, milatho iwiri yoyendapo anthu, yolendewera m'mwamba m'kati mwa nyumbayo, inagwera khamu la anthu amene anabwera kudzavina, ndipo anthu 114 anafa. Pulani yoyamba inali yoti zitsulo zazitali zochokera kudenga zinyamule milatho yonse iwiri. Opanga zitsulo anaona kuti kupanga motero n'kovuta, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Anasintha kuti mlatho wapansi ulendewere ku mlatho wapamwamba. Pa pepala kusinthako kunaoneka kochepa, koma kunachititsa kuti polumikizira pa mlatho wapamwamba pasenze katundu wowirikiza kawiri, ndipo zojambula zatsopanozo zinadindidwa popanda wowerengeranso. Aliyense ankayesa kuti mnzake waona.

App yanu singagwere munthu pamutu, koma mukusunga chiwerengero cha ndalama za amayi amene amasonkha movutikira sabata ndi sabata. Injiniya akachotsa sikirini imodzi poti ikuchedwetsa, osadziwa kuti ndi imene imaonetsa dzina la wokongola asanatsimikize, ngongole ya mayi uyu idzalembedwa pa mayi uyo, ndipo tsiku logawana kumapeto kwa chaka anthu adzayambana kumudzi chifukwa cha ife. Choncho ikani lamulo limodzi losakambirana: injiniya ali ndi ufulu wonse wokana, koma alibe ufulu wosintha osanena. Akaona kuti chojambulidwacho sichikutheka, aime, aitane dizaina, akambe. Lamulo lomweli ligwirenso madizaina, chifukwa nawonso ali ndi chizolowezi cholowa mu Figma usiku n'kusuntha zinthu zimene injiniya wayamba kale kumanga, m'mawa n'kumadabwa kuti bwanji sizikufanana. Musalole kuti zikhale za chidakomakoma mbuzi kugunda galu.

Chotsatira ndi kumasula mawu awiri amene amatseka zokambirana. Oyamba ndi "sizingatheke". Pa zaka zanga zonse ndapeza kuti mawuwa amabisa zinthu zitatu zosiyana. Nthawi zina n'zoona ndithu, makinawo salola. Nthawi zambiri amatanthauza kuti zingatheke koma zitenga masiku ambiri. Ndipo nthawi zina, zimene munthu sangavomere pagulu, amatanthauza kuti sindinapangepo zimenezi ndipo ndikuopa. Inu simukufunika kudziwa code kuti muzisiyanitse. Ingofunsani modekha kuti, "Achimwene, titati tikufunadi zimenezi, zitenga masiku angati, app ikula ndi ma MB angati, ndipo pa foni yotchipa itseguka pakatha masekondi angati?" Yankho likabwera m'manambala, mkangano wasanduka msika. Mwayamba kukambirana mtengo, ndipo za mtengo inu mumazidziwa. Akati sakudziwa, m'patseni tsiku limodzi akayese kenako abwere ndi yankho. Amene ankaopa uja mwam'patsa potulukira popanda kumuchititsa manyazi.

Mawu achiwiri ndi a madizaina, akuti "sizikuoneka bwino". Nawonso afunseni kuti, "Achemwali, tikasiya chonchi, msungichuma alakwitsa chiyani?" Dizaina wodziwa ntchito amayankha. Akuuzani kuti malangizo a Google a mafoni a Android amati malo odina asachepere 48dp mbali zonse (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini), chifukwa chala cha munthu si nsonga ya pensulo. Akuuzani kuti malangizo a WCAG, othandiza kuti olumala nawonso azitha kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, amafuna kuti zilembo wamba zisiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5 kwa 1, kuti wa maso ofooka awerenge. Akuuzani kuti batani limene injiniya anayeza ndi mawu a Chingerezi akuti "Confirm", a zilembo 7, likudula mawu akuti "Tsimikizani", a zilembo 11, moti munthu akungoona "Tsimiki" basi. Zimenezo si zokongoletsa, ndipo injiniya akazimva motero amazilemekeza. Koma dizaina akasowa choyankha, n'kungoti mthunzi wa pansi pa batani ukhale wofewa pang'ono, chimenecho chidikire.

Ndikupatseni chitsanzo chimene chimandisangalatsa chifukwa ndi chathuchathu. Dizaina walemba uthenga wa SMS wopita kwa mamembala, ndipo polemekeza chinenero walemba Malaŵi ndi chilembo cha ŵ. Injiniya wachotsa kachipewako osanena. Dizaina wakwiya, akuti anthu awa salabadira Chichewa. Chimene sakudziwa n'choti SMS wamba imanyamula zilembo 160, koma mukaikamo chilembo chimodzi chokha chimene sichili pa mndandanda wa zilembo za SMS wamba wotchedwa GSM, monga ŵ, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena kamene malire ake ndi zilembo 70. Uthenga wa zilembo 150 umene ukanapita umodzi umapita zidutswa zitatu, kampani n'kulipira katatu, pa membala aliyense, sabata iliyonse. Injiniya ankapulumutsa ndalama zanu. Akanangonena, dizaina akanasankha yekha, kaya kulemba w wamba mu SMS n'kusunga ŵ m'kati mwa app, kaya kukonza chiganizocho kuti mawuwo asapezekemo. Mphindi ziwiri zokambirana zikanapha mkwiyo wa mwezi wathunthu. N'chimodzimodzi ngati mudzapange mbali ya USSD ya anthu a mafoni a mabatani, yonga imene amaona akaimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba: sikirini imodzi singapitirire zilembo 182, ndipo dizaina akadziwa malirewo poyamba amalemba mawu okwanira bwinobwino.

Nanga onse akapereka zifukwa zomveka koma osagwirizanabe? Pamenepo mlanduwo uchotseni mu ofesi, mupite nawo kwa mwini wake. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Pa kampani ina tinkapanga app yolembera alimi otenga mbewu pa ngongole, ndipo dizaina wathu ndi injiniya wamkulu anafika poti sankapatsana moni. Ine ndinalakwitsa, ndinatha milungu ndikuyesa kugamula ndekha pa desiki. Tsiku lina mu October ndinawakweza onse m'galimoto imodzi kupita ku mudzi wina cha ku Mitundu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kupereka foni kwa bambo wina, mlembi wa kalabu ya alimi, ndipo ndinawapempha awiriwo kuti asatsegule pakamwa, angoyang'ana.

Bamboyo anaitembenuzira foni uku ndi uku, akuitchinga ndi chipewa. Zilembo zotuwa zimene zinkaoneka zaulemu mu ofesi yathu, pa dzuwa la October sizinkaoneka n'komwe. Chithunzi chachikulu cha munda wa chimanga chimene dizaina anachikonda kwambiri chinakana kutsika, pa sikirini pakungozungulira kampira, bamboyo mpaka anafunsa ngati foni yafa. Dizaina anawerama. Kenako tinafika polemba ngongole. Injiniya anali atachotsa sikirini yoonetsa dzina ndi ndalama, poti imawonjezera kudina. Bamboyo chala chinaima m'mwamba, chala chokhakhala ndi khasu, osadina. Anatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndikadina apa, ngongoleyi ipita pa dzina la ndani?" Anakana kudina, ndipo ankanena zoona. Pobwerera m'galimoto munali bata kwa kanthawi, koma tisanafike pa Bunda Turn-off awiri aja anali atatsegula kope limodzi pa maondo akujambula. Chimene ine ndinalephera pa milungu ingapo, bambo uja anachitha ndi funso limodzi.

Simukufunika ndalama zambiri kuti muchite zimenezi. Jakob Nielsen, katswiri wodziwika pa nkhani yoyesa mapulogalamu ndi anthu, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kumaulula mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito, pafupifupi 85 pa 100 alionse, ndipo n'kwabwino kuyesa pang'onopang'ono kangapo kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi chikhamu. Asungichuma asanu, mafoni awo omwe, kumene amakumanira komweko. Chofunika n'choti mainjiniya apite nawo. Lipoti lolembedwa ndi dizaina amalitsutsa, koma chimene aona ndi maso awo sachitsutsa. Gulaninso foni imodzi yotchipitsitsa ya mtundu umene mamembala ali nawo, ikhale pa tebulo la mu ofesi, ndipo pasatuluke kanthu kasanayesedwe pa foniyo. Madizaina ambiri amaonera ntchito yawo pa sikirini yaikulu yowala, mainjiniya nawo amayesera pa mafoni awo abwino ali pa WiFi ya mu ofesi. Onse amakhala kutali ndi mudzi mofanana.

Pali zina zimene sizingayesedwe kumudzi, ndipo pa zimenezo pafunika kudziwiratu wogamula. Mmene ndimagawira ine ndi motere. Za mawu a pa sikirini, ndondomeko imene munthu atsate, ndi maonekedwe, dizaina amve maganizo a onse koma agamule ndi iye. Za chitetezo, kasungidwe ka chiwerengero cha ndalama, ndi mmene code imangidwire m'kati, agamule ndi injiniya, ndipo akati njira iyi ingataye zolembedwa netiweki ikaduka pakati, mawu akewo ndi omaliza ngakhale njirayo ikhale yokongola bwanji. Za nthawi, ndalama, ndi chimene chiyambe kutuluka, wogamula ndinu. Nenani zimenezi poyera, onse alipo, mlandu wina usanabuke. Ndipo chigamulo chilichonse chilembedwe, mizere itatu yokha: tasankha chiyani, chifukwa chiyani, tidzachionanso liti. Mzere wachitatuwo ndi umene umatonthoza wogonja, chifukwa amadziwa kuti maganizo ake sanakwiriridwe.

Chenjerani ndi mayesero ofuna kusangalatsa onse pogawa pakati, theka la zofuna za dizaina ndi theka la zofuna za injiniya. Mapanga awiri avumbwitsa. Kawirikawiri chotuluka chimakhala cholemera pa foni komanso chosokoneza kwa munthu, choipa kuposa chilichonse mwa ziwiri zoyambazo. Chenjeraninso ndi kuchuluka kwa manja. Mainjiniya ndi anayi, madizaina ndi awiri, ndiye mukamavota madizaina adzagonja nthawi zonse, ndipo pakapita nthawi adzasiya kulankhula, kenako adzasiya ntchito.

Za kubwera kwa inu kumbali, zithe sabata ino. Ndikumvetsa chifukwa chake mumawalandira, mukufuna kuzimitsa moto. Koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga wa injiniya ukadzera mwa inu umafika kwa dizaina utataya manambala ake, utatsala ndi mkwiyo wokha. Chitani ngati ankhoswe. Mverani aliyense payekha kamodzi, atulutse zakukhosi, kenako muwakhazike pamodzi. Wina akabweranso yekha, muuzeni kuti, "Ndamva, tiyeni tiwaitane tikambe tonse atatu." Pa mkumanowo ndimayamba ndi kupempha injiniya kuti afotokoze nkhawa ya dizaina mpaka dizainayo avomere kuti eya, ndi zimenezo, kenako asinthane. Zimatenga nthawi ndipo poyamba amachita manyazi, koma mudzadabwa kuona kuti miyezi itatu yonseyi aliyense amatsutsa zimene mnzake sananene. Musabweretse milandu yonse ya miyezi itatu. Tengani sikirini imodzi yokha imene ikuvuta panopa.

Kumbukiraninso chikhalidwe chathu. Mwana wakwathu sakonda kutsutsa wamkulu pamaso. Injiniya wachinyamata adzati "chabwino bwana" pamene mumtima akudziwa kuti sizigwira, ndipo kusintha kwakachetechete kuja nthawi zina kumachokera pa ulemu womwewu. Ndiye pa msonkhano yambani kufunsa wamng'ono, akuluakulu alankhule pomaliza, kapena aliyense alembe nkhawa yake pa kapepala musanayambe kukamba. Uja anamenyetsa chitseko mukambe naye panokha. Mumuuze mosapsatira kuti khalidwelo silibwerezedwanso ndipo apepese kwa anzake, koma mumufunsenso chimene anakhala akunena osamvedwa mpaka kufika pamenepo.

Miyezi iwiri ndi yochepa, ndipo sindikunamizani kuti zonse zimene zinajambulidwa zituluka. Khalani pansi nonse musankhe zinthu zochepa zimene gulu la banki m'khonde silingakhale popanda izo tsiku lokumana: kulemba masheya, kulemba ngongole ndi kubweza kwake, kuona chotsala, ndipo zonsezi zizitheka netiweki palibe. Zimenezo zipangidwe bwino mbali zonse ziwiri. Zotsalazo zilembedwe pa mndandanda woonekera kwa aliyense. Ward Cunningham, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta, mu 1992 anayerekeza code yolembedwa mothamanga ndi ngongole, imene ukachedwa kubweza chiwongoladzanja chimakula, ndipo inu amene mumagwira ntchito ndi banki m'khonde fanizoli simufunika kulimasuliridwa. Madizaina nawo ali ndi ngongole yawo, zinthu zimene alolera kuti zituluke zisanafike pamene amafuna. Lonjezani kuti app ikatuluka padzakhala masabata obwezera ngongole zonse ziwiri, ndipo lonjezolo mudzalisunge, apo ayi sadzakukhulupiriraninso. Otipatsa ndalama auzeni lero kuti chidzatuluke ndi chiyani. Ambiri amalandira chinthu chaching'ono chogwira ntchito, chimene sakhululuka ndi kudzidzimutsidwa sabata yomaliza.

Pali pamene nkhaniyi imaposa zonse ndanenazi. Mukaona kuti mawu asiya kukhudza ntchito ayamba kukhudza munthu, monga kunyozana za maphunziro, mtundu kapena kumene munthu amachokera, kapena ngati madizaina anu ndi amayi ndipo ntchito yawo ikutchedwa zokongoletsa za atsikana, umenewo si mkangano wa dizaini ndi uinjiniya. Ndi nkhanza za pa ntchito, ndipo zipite kwa oona za antchito pa kampani panu kapena kwa eni kampani, molembedwa. Chimodzimodzi munthu akamabisa dala mapasiwedi, kukana kuonetsa code kwa anzake, kapena kupitiriza kusintha zinthu mobisa lamulo litaikidwa ndipo atachenjezedwa. Zikadzafika poganiza zochotsa munthu, musachite mwaukali. Lamulo la Employment Act la 2000 limafuna chifukwa chomveka komanso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza, ndipo mukalumpha zimenezo nkhani imakathera ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court. Funsani kaye wodziwa malamulo.

Ngati kusamvanaku kukukhudza chitetezo, mwachitsanzo dizaina akufuna kuchotsa PIN kuti kulowa kuphweke pamene injiniya akukana, musagamule nokha ndipo musadikire. Mukusunga maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, likukukhudzani. Itanani injiniya wodziwa za chitetezo wochokera kunja kwa kampani, aone kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo ngati pakatha masabata atatu mukuyesa zonsezi anthu akadali osayang'anana, pezani munthu wachikulire pa ntchitoyi amene mbali zonse zimamulemekeza, adzakhale nanu pa mikumano iwiri kapena itatu. Kupempha thandizo lotero sikukuchotserani ulemu monga mtsogoleri.

Lolemba likubwerali, musanatsegule nkhani ina iliyonse, nenani lamulo lija loti palibe kusintha osanena, ndipo munene amene agamule chiyani. Kenako imbirani gulu limodzi la banki m'khonde lapafupi, mufunse tsiku limene amakumana, ndipo mupemphe chilolezo chobwera ndi alendo. M'galimotomo dizaina ndi injiniya amene akulimbana kwambiriwo akhale mpando umodzi wakumbuyo, ndipo muwatengere kope ndi bolopeni. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva zimene msungichuma wa gululo adzawafunse.